Manda Amene Anzanga Anakana Kukumba

Tsiku limene tinaika achimwene anga ku Wanki ndinadzuka lipenga la pamgodi lisanalire. Ndinali nditagona panja, pa thumba, pafupi ndi moto. Amuna amene anachezera nafe anali ochepa, osakwana kudzaza benchi imodzi ya m'tchalitchi. M'nyumba munali alamu anga, mkazi wa malemuwo, ndi amayi a mvano angapo amene anali atasiya kale kuimba. M'komboni yathu, maliro a munthu wa ku Nyasalande ankadzaza mzere wonse wa nyumba. Awa ayi.

Chifukwa chake aliyense ankachidziwa. Achimwene sankalowa pansi ngati ife okumba malasha. Ankagwira ntchito m'shedi ya mzungu wina wokonza magalimoto, ndipo yawo inali yodula siponji ya matiresi ndi makushoni, chinthu chachilendo masiku amenewo. Ankajambula ndi choko potsata pepala, n'kudula ndi mpeni wautali wouviika m'madzi kuti usakakamire. Pobwera kunyumba ankanunkha guluu. Chaka cham'mbuyo mwake, titanyanyala ntchito, komboni yonse inapangana kuti pasapezeke wopita kwa mzungu aliyense. Achimwene anapita. Bwana wawo anali ndi galimoto yaikulu imene ankaisandutsa nyumba yogonamo popita kokasaka nyama, ndipo ankafuna matiresi okhota bwino pamene pali matayala. Ife tikuthamangitsidwa ndi zibonga, iwo ankayeza pogona mzungu. Anzathu ena anachotsedwa ntchito n'kukwezedwa sitima yobwerera kwawo. Kuyambira pamenepo panalibe wowapatsa moni, ndipo inenso ndinaleka kuponda pakhomo pawo mpaka chibayo chitawagwetsa.

Kutacha ndinapita kwa mkulu wa bungwe lathu la maliro kukapempha adzukulu. Ndinawapeza akumeta ndevu pakhonde. Sanandipatse mpando.

"Mapiki ndi mafosholo ali kuseriko, katengeni," anatero. "Koma manja tilibe. Kauzeni mzungu wawo akumbe."

Ndinawakumbutsa kuti ine ndinanyanyala nawo limodzi. Anati n'chifukwa chake akundibwereka zidazo.

Kumanda ndinapita ndi mlongo wawo wa alamu, komanso bambo wina wa mtundu wachilozi amene ankasoka nsalu zokutira makushoni m'shedi muja. Munali mu Okutobala. Dothi la pansi pa mitengo ya tsanya linali louma ngati njerwa, piki inkangodumpha. Pamene dzuwa linkafika pamutu, matuza anali ataphulika m'manja mwathu ndipo madzi akumwa anali atatha. Dzenje tinalilekera m'chifuwa. Manda a munthu wamkulu salekera pamenepo, ndipo tonse tinkadziwa, koma tinangotola zida n'kumapita.

Pobwerera ndinapeza anthu atachuluka, koma sanakhale pabwalo. Anaima kutsidya kwa ngalande, amuna atapinda manja, zipewa zili kumutu. Kuseri kwa nyumba amayi a mvano aja anali atasonkha moto n'kuphika nyemba ndi nyama. Mbale zinawoloka ngalande n'kubwerera mmene zinapitira. Mayi wina amene mwamuna wake anakwezedwa sitima anayandikira khomo, analavula malovu pansi alamu akuona, n'kubwerera kwa anzake osafulumira.

Dzuwa litapendeka kunatulukira galimoto ija. Mzunguyo sanabwere, anangotuma dalaivala kuti adzanyamule bokosi. Anthu ataizindikira anayamba kung'ung'udza. Ine ndinalowa m'nyumba kukauza alamu kuti tiibweze, chifukwa kukweza maliro mmenemo kunali kutukwana khamu lonselo. Ndinawapeza atakhala pansi, atatsamira bokosi. Sanakweze mawu.

"Alamu, onyamula muli nawo angati?"

Ndinatuluka n'kuima pakati pa bwalo. Ndinapempha amuna oti atithandize kunyamula, ena ndinachita kuwatchula mayina, anthu amene ndinkalowa nawo pansi tsiku ndi tsiku n'kumamwera nawo botolo limodzi. Onse anayang'ana kumbali.

Bokosi tinalilowetsera pa chitseko cha kumbuyo kwa galimotoyo. Malo ena oliika panalibe koma pa matiresi omwe aja, ndipo siponjiyo inalowa pansi pang'ono polilandira. Munthu wina m'khamu muja anati agone bwino, anadziyalira okha. Ambiri anaseka. Chibadwire ndinali ndisanamvepo anthu akuseka maliro akutuluka m'nyumba.

Galimoto inkayenda pang'onopang'ono, ikudzutsa fumbi lakuda la malasha limene linkatimatirira pa thukuta. Ife tinali pambuyo pake, amayi a mvano akuyesa kuimba ndi mawu osasa. Khamu linkatsatira patali, osati kudzalira koma kudzaona. Titadutsa njanji, amuna ena anayambitsa nyimbo imene tinkaimba masiku onyanyala aja, ndipo inameza ya amayiwo. Mawu ake onse ndinkawadziwa. Ndinayenda nditaluma mano, maso ali pa matayala.

Kumanda mlaliki anafupikitsa mawu. Titatsitsa bokosi, mkulu wa bungwe uja anayandikira, anasuzumira m'dzenjemo n'kuona kufupika kwake. Ndinaganiza kuti atola fosholo. Anangoti tiunjikepo miyala yambiri chifukwa cha afisi, n'kutembenuka. Khamu linawatsatira. Tinakwirira ife omwe tinakumba, ndipo miyala anatuta ndi amayi, alamu ali nawo limodzi, ngakhale kwathu namfedwa sagwira ntchito ya kumanda.

Madzulo panyumba panali zii. Amayi a mvano anatsuka miphika n'kumapita, chakudya chotsala atathira m'ndowa. Ana a malemu anagona osavula zovala. Kunyumba zoyandikana kunkamveka anthu akucheza ngati tsiku lina lililonse.

Alamu anandibweretsera madzi ofunda amchere m'beseni kuti ndiviike manja. Anakhala pakhomo, akuyang'ana kumdima.

"Pakanapanda ubale," anatero kenako, "inu mukanakumba?"

Ndinayang'ana manja anga m'madzimo. Ndikanatha kunama, koma anali atatopa ndi zambiri tsiku limenelo.

"Ayi," ndinatero.

Anagwedeza mutu. Anadikira mpaka nditatulutsa manja, anakataya madziwo m'ngalande, n'kulowa m'nyumba. Ndinamva akutseka chitseko.