Alamu anga ndi imelo ya mipando

Alamu anga, achemwali awo a amuna anga, akhala sekilitale pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Analowa ntchito nthawi ya mataipi aja olira ngati munthu akukhoma misomali. Mayi amene anawaphunzitsa ntchito anawauza kuti kalata ndi mlendo, ndipo mlendo sumusiya ataima pakhomo. Ndiye alamu kalata iliyonse amatsegula, iliyonse amayankha. Wina anawalembera kuchokera kunja kuti akufa ndipo akufuna kuwasiyira chuma chake chonse. Alamu anamuyankha kuti pepani ndi matendawo, tayesani chipatala china.

Kale zimenezi ankati ndi ulemu. Masiku ano akuti ndi ngozi.

Chaka chatha abwana awo anamva kuti akuba a pa intaneti atsekera kampani ina makompyuta onse kwa sabata yathunthu. Mantha atawagwira, anaitana kampani yoteteza makompyuta. Kampani imeneyi siidikira kuti akuba abwere. Imadzisandutsa wakuba yokha. Mwezi uliwonse imatumiza imelo yabodza kwa ogwira ntchito onse kuti ione amene adine linki. Wodina kamodzi amamuonetsa vidiyo ya mphindi makumi anayi. Wodina kawiri amalandira kalata ya chenjezo, ndi vidiyo yomweyo. Wodina kachitatu, abwana analamula kuti azilongedza.

Alamu anali atadina kawiri. Zaka zitatu zokha zinali zitatsala kuti apume pa ntchito, ana awiri akadali pa sukulu.

Tsono amene amalemba maimelo abodzawo ndi amuna anga, mlongo wawo yemwe alamu anamulera ndi kumuphunzitsa okha. Masiku ambiri amagwirira ntchito kunyumba, pakona ya pabalaza, pa mpando wakuda wa matayala umene ngakhale mwana wathu saloledwa kuukhudza.

Lachitatu lina ndikudyetsa mwana, anatembenuka ndi mpando wawo.

"Amake mwana, nyambo zanga zasukuluka. Ndikalemba za mphotho sakudina. Ndikalemba kuti malipiro akwera, akungoseka. Abwana anga akuti anthu akasiya kudina, makasitomala ayesa kuti sakutifunanso."

"Ine ndimayesa cholinga n'chakuti asamadine?"

"Asiye, koma pang'onopang'ono."

Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, za makompyuta sindizidziwa. Koma ndinagulitsapo mu shopu zaka zinayi, anthu ndimawadziwa.

"Vuto lanu mumalonjeza zazikulu," ndinatero. "Wantchito aliyense amadziwa kuti bwana wake sangamukwezere malipiro. Mulonjezeni kanthu kakang'ono kamene wakhala akukadandaula. Lembani kuti kwabwera mipando yatsopano, aliyense asankhe wake pasanafike Lachisanu, wochedwa atsala ndi wakale."

"Amake mwana, ndinu chigawenga."

Ndinanyada tsiku lonse, mbale ndinatsuka ndikuimba.

Loweruka alamu anabwera kudzaona mwana. Pokhala pa sofa anatsika pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana.

"Ndi mpando uja, mlamu," anatero. "Mwendo umodzi ndinaumanga ndi waya. Kuti ndifikire tebulo ndimakhalira mafayilo awiri akale. Ndalembera abwana makalata khumi ndi imodzi. Munthu wamkulu ngati uja, osayankha ngakhale imodzi."

Nkhani ya mipando ija sindinaipeke ayi. Ndinaitola pakamwa pa alamu, chifukwa madandaulo amenewa ndawamva kuyambira ndili pa chibwenzi.

Atangochoka ndinawafunsa amuna anga. "Imelo ya mipando ija ikupita ku kampani iti?"

"Sindiloledwa kunena."

"Basi ndamva. Ikupita liti?"

"Lolemba, naini koloko." Maso anali pansi.

"Ichotseni."

"Yavomerezedwa kale. Abwana anga akuti ndi nyambo yabwino kuposa zonse chaka chino."

"Ndiye auzeni achemwali anu."

"Ndinasaina pepala losaulula. Ndipo mukuwadziwa inu. Ndikawauza lero, Lolemba alemba imelo yondithokoza, kope kwa abwana awo. Titha ntchito tonse awiri."

"Munthu anakulerani uja, mukamutchere msampha n'kukhala pansi kumaonerera?"

"Msamphawo anaupanga ndani?"

Ndinapita kukachapa matewera, chifukwa ine nzeru zimandibwerera manja ali m'madzi. Ndinaganiza za mwana wanga. Akamalirira chimene mnzake akudya, sindimuuza kuti chimenecho n'choipa, samva. Ndimangomudyetsa akhute.

Lamulungu masana amuna anga anapita kukameta. Ndinabereka mwana, n'kukankha mpando wawo mpaka kumsewu. Kondakitala wa minibasi anati sanaonepo mpando ukukhala pa mpando, koma anatikweza mpaka kwa alamu.

"Alamu, alongo anu akuti mulandire aka. Achita manyazi kubweretsa okha."

Alamu anakhalapo, natsamira, natseka maso. "Mwana uja," anatero. "Ndimayesa samva ndikamayankhula." Anazungulira nawo kawiri ngati kamtsikana.

Nditabwerera ndinawapeza amuna anga ataima pakona paja, mutu wometedwa bwinobwino.

"Mpando wanga uli kuti?"

"Wapita kukateteza kampani."

Lolemba anakhala pa ndowa yovundikira, laputopu ili pa tebulo. Pagalasi pamaoneka dzina la aliyense amene wadina. Ine ndinaima kumbuyo kwawo ndi mwana. Naini koloko imelo inapita. Pofika teni anadina anthu asanu, dzina la alamu palibe. Ndinapuma. Amuna anga anati, "Mwina muli ndi nzerudi," koma osatembenuka.

Kenako maina anayamba kugwa ngati mvula. Khumi, makumi awiri, makumi atatu. Wosunga zifungulo za nkhokwe, bambo wokayikira ngakhale moni, anadina. Mwa anthu makumi anayi ndi mmodzi, anadina makumi atatu ndi anayi. Dzina lomaliza linali la abwana a alamu.

"Zimenezi sizinachitikepo," amuna anga anatero, ndowa ikulira pansi pawo.

Zimene zinachitika tinazimva kwa alamu eni ake madzulo, pa foni, ali osangalala. Imelo anaitsegula. Mpando uja anali atapita nawo kale ku ofesi, ndiye sanadine. Koma kalata yabwino chonchi kuisiya? Anaisindikiza, naikhoma pa bolodi ya pakhomo, n'kuyenda ofesi ndi ofesi kukumbutsa anzawo kuti Lachisanu si patali. Ena anati mayi, iyi ikunukha ngati msampha wa anyamata a chitetezo aja. Alamu anawatenga kukawaonetsa mpando. Sananene kuti wachokera ku kampani, alamu sanama. Anangoti anthu aukhalire amve mmene msana umapumira ukapeza mpando. Zina zonsezo anthu anamaliza okha. Abwana nawo anatuluka, naona sekilitale wawo ali pa mpando woposa wawo, nabwerera mwachangu kukasankha.

Pa gulu limenelo, asanu ndi anayi anali odina kachitatu, mmodzi wa iwo mphwawo wa abwana. Lachiwiri panatuluka chidziwitso chakuti lamulo lolongedza likuunikidwanso. Likuunikidwabe.

Kompyuta imawerenga odina okha, siiwerenga amene wayenda ndi pepala m'makhonde. Ndiye lipoti linati alamu ndi wantchito amene wasintha kwambiri. Anawapatsa satifiketi pamaso pa onse, ndipo tsopano ndi iwo amene amayatsira anzawo vidiyo ija. Abwana a amuna anga anakondwa, chifukwa kasitomala ataona kuchuluka kwa odina anasaina zaka zina ziwiri.

Patapita sabata amuna anga anawaimbira alamu. Anayamba ndi kufunsa za ana, za msana, kenako anati, "Achemwali, mpando uja, mwina mutabwereka kwa kanthawi…"

"Pepa, mwana wa amayi," alamu anayankha. "Abwana anati sizioneka bwino kwa alendo kuti sekilitale akhale pa mpando woposa wa mkulu wa kampani. Tasinthana. Andipatsa wawo wachikopa, ndi wabwino ndithu, msana wasiya. Ndinawauza kuti ndi mphatso ya mlongo wanga, akuti uli ndi diso."

Ndiye alamu adakali pa ntchito, ndipo ndikuona kuti zaka zitatu zija azimaliza. Amuna anga kumapeto kwa mwezi uliwonse amavala tayi kukapereka lipoti ku kampani ya alamu. Amaima kutsogolo kwa mpando wawo, abwana aja akuzungulira nawo uku ndi uku, n'kumawafunsa kuti kodi mu kampani muno wofooka kwenikweni ndani.