Tsiku Limene Bambo Anapereka Mwana Wawo ku Ntchisi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala ku Barking, kutsidya kwa nyanja, m'kanyumba konunkha chinyezi, pamene mkulu wanga Tiwonge ankakonzekera mayeso a Fomu 4 ku Lilongwe. Iye anatsala ndi azakhali ife tikubwera kuno. Ndikakwera sitima ndinkatsamira pawindo n'kumamuona atavala gauni yakuda ya omaliza yunivesite, akuyandama pamwamba pa madenga onyowa, akubwera kudzatipeza. Ndinali mwana wolota masana ine, moti mayi ankachita kundigwedeza tikafika potsikira.

Nthawi imeneyo kumudzi kunabwerera kota: malo a ku yunivesite ankagawidwa potengera boma limene munthu amachokera. Nanga Tiwonge kwawo kunali kuti? Mayi ndi Achewa a ku Ntchisi, kumene mwana ndi wa kuchikazi. Bambo ndi Atumbuka a ku Rumphi, ndipo anapereka malowolo.

"Ng'ombe zinapita," anatero bambo. "Mwanayo ndi wa ku Rumphi, anene choncho."

Mayi sanatsutse. Anavala yunifomu yawo ya unamwino n'kupita ku ntchito.

Tiwonge anakhoza mochititsa kaso. Koma ku Rumphi okhoza anali mbwee, malo ochepa, ndipo dzina lake silinatuluke. Mnzake wa pa desiki imodzi, amene Tiwonge ankamuthandiza masamu, anatengedwa. Kwawo kunali ku Ntchisi komweko.

Ine mtima unandiwawa, ndinati kota ndi ufiti weniweni.

"Usatero," anatero mayi. "Alongo anga anaphunzirira pansi pa mtengo, mphunzitsi mmodzi makalasi atatu. Popanda kota ana a kwathu adzalowera khomo liti?" Koma ankalankhula misozi ikutsika.

Lamlungu lina masana, chipale chofewa chikugwa pang'onopang'ono ngati ufa wosefedwa, bambo anaimbira foni Tiwonge tonse tikumva.

"Mwana wanga, ulembenso chaka chamawa," anatero. "Ukanene kuti kwanu ndi ku Ntchisi."

Ndinawamvera chisoni bambo anga. Munthu wonyadira kwawo chotere, lero akupereka mwana wake woyamba kuchikazi ndi pakamwa pake.

Tiwonge anayankha motsitsa mawu. "Adada, ndinawerenga mpaka maso kuwawa. Ngati chofunika ndi dzina la boma, ndiwerengerenjinso? Ndatopa."

Sanalembenso.

Lero ndine mphunzitsi ku Lewisham, kutsidya kwa nyanja konkuno, ndipo ndimadziwa kuti mayi sananame, Tiwonge nayenso sananame. Mipando ikachepa, ukakhazika mmodzi wina amaimirira, ndipo woimirirayo sataya mpando wokha, amatayanso chifukwa cholimbikirira. Tiwonge amagulitsa kaunjika ku Lilongwe. Mwana wake wamkazi amakhala nambala wani chaka ndi chaka, koma akabwera akuthamanga kudzamuuza, mkulu wangayo amangoti, "Chabwino, kasinthe yunifomu."