Ndinaika msuweni wanga m'buku la akazitape

Inu owerenga, ine ndinapweteketsa msuweni wanga ndi nkhani ya m'buku. Sindinakamunenere kwa munthu, sindinamuloze chala, koma tsoka lake linatuluka pakamwa panga. Mpaka lero mtima umandigunda ndikamva galimoto ikuima pafupi ndi nyumba.

Zinachitika nkhondo yomenyera ufulu itafika kwathu kuno ku Tete. Ndinkagulitsa m'kantina ya Mpwitikizi wina ku Ulongwe, kumene nthawi imeneyo tinkangoti ku Vila. Chipwitikizi ndinkachiwerenga ndithu, poti sikola ndinafika nayo kalasi yachinayi. Patarau wangayo, mwini kantinayo, anali ndi timabuku ta nkhani za akazitape ndi ziwembu zogwetsa maboma. Akamaliza kuwerenga ankangotiponya pansi pa meza, ine n'kumatola.

Ndisaname, mabuku amenewa ndi okoma. Ukaliyamba, chakudya chimazizira uli phee. Amanena poyera kuti olamulira nawonso amanama, ndiponso kuti si onse okusekerera amene ali abwenzi, zinthu zimene ife tinkaziona koma osayerekeza kuzitchula. Anandiphunzitsa ngakhale kuchenjera ndi ogula ofunsafunsa. Koma ali ndi chilema chimene ndinachizindikira madzi atafika m'khosi: m'menemo mulibe chochitika mwangozi. Munthu akatsokomola, ndiye kuti akupereka chizindikiro. Akachedwa panjira, ndiye kuti anakumana ndi wina. Ukamusecha osamupeza ndi kanthu, ndiye kuti ndi katswiri wobisa.

Msuweni wangayo anali Lusiyano, mwana wa amalume anga ku Lifidzi. Chisuweni mukuchidziwa inu. Tikakumana moni wake unali kutukwanana ndi kulandana chipewa. Iye ankanditi mzungu wopanda nsapato, ine ndinkamuti mbala ya ng'ombe. Anali ndi ngolo, ndipo ankanyamula kachewere kupita naye ku Domwe kukagulitsa kwa anthu ochokera kutsidya kwa malire. Panjira ponse ankaimba likhweru, moti ana ankamudziwa asanamuone.

Chaka chimenecho amalume anaitanitsa dima, ine ndinapempha tchuthi n'kupita kukathandiza. Titaweruka kumunda tinakhala pamthunzi ndi mowa, anthu n'kuyamba kundinyengerera kuti ndiwasimbire za m'mabuku angawo. Ndinayamba nkhani ya munthu wina wopereka buledi m'nyumba za akuluakulu, amene ankabisa zinsinsi pansi pa dengu. Sindinapite patali, mayi ena anadandaula kuti mayina achizunguwo akuwapweteka m'makutu. Basi mowa uli m'mutu, ndinasintha zonse. Dengu linasanduka ngolo, buledi anasanduka kachewere, zinsinsi zinasanduka mankhwala opita kwa anyamata a kutchire omenyera ufulu, kazitapeyo n'kukhala Lusiyano. Ndinati likhweru lake lija ndi chizindikiro chouza anzake kuti njira ili bwino.

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Amene anaseka kwambiri anali mwini wake, Lusiyano. Anakuwa kuti, “Wabodza iwe! Uwonjezere kuti ndili ndi ndege kuseri kwa khola!” Aliyense pamenepo ankadziwa kuti ndi zachisuweni.

Koma nkhani ikachoka pamthunzi siyenda ndi kuseka kwake. Patapita masabata, bambo wina wosamudziwa anabwera kudzagula mchere m'kantina, n'kundinong'oneza ngati ndamva za wangolo wa ku Lifidzi. Anandifotokozera nkhani yanga yomwe ija, likhweru ndi kachewere yemwe, koma tsopano pansi pa matumba panali mfuti. Za buku sanatchule, ndipo sankaseka. Nditamuuza kuti zimenezo n'zopeka, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa chifukwa chimene ndinkamuikira kumbuyo munthuyo. Ndinangomupimira mchere wake.

Ndinayenera kuthamangira ku Lifidzi tsiku lomwelo kuti Lusiyano awoloke malire. Ndinaopa kupempha chilolezo, poti patarau akanafunsa chifukwa, choncho ndinati ndidikire Lamlungu. Lamlungulo lisanafike, jipe ya apolisi achinsinsi inamuimitsa pamsewu wa ku Domwe n'kumutenga. Anthu anapeza ng'ombe zitaima ndi goli, matumba atang'ambidwa, kachewere ali mbwee m'ngalande. Apolisiwo sanapeze kanthu. Ndipo kusapeza kanthuko ndi kumene kunawapsetsa mtima, chifukwa nawonso ankaganiza ngati mabuku aja.

Ndinabisa buku lija m'malaya n'kupita kumene tinamva kuti amutsekera, kuti ndikaonetse akuluakulu kumene nkhaniyo inachokera. Pachipata ndinapeza sipayi wachikulire wa kwathu, mmodzi wa apolisi achikuda a boma. Anamvetsera zonse, maso ali kumsewu, kenaka anati, “Mwanawe, bwerera. Ukalowa muno afuna kudziwa amene wakutuma, ndipo amalume ako alira ana awiri.”

Ndinabwerera, inu owerenga. Kaya inali nzeru kaya unali mantha, sindidziwa mpaka pano. Buku ndinaliponya m'chimbudzi.

Miyezi imene inatsatira sindiifunira munthu. Galimoto iliyonse yoima pakantina ndinkati yabwerera ine. Wogula akandiyang'ana kawiri, ndinkamuyesa kazitape. Mabuku aja anali atandilowa, moti ndinayamba kukayikira aliyense amene anali pa dima paja, ngakhale mayi odandaula za mayina aja. Kumudzi mkazi wa Lusiyano anali woyembekezera, ndipo ankakhala pakhonde kuyang'ana kunjira. Amalume sanandikalipire. Ankangondiyang'ana, ndipo bola akanandimenya.

Anamutulutsa anthu atakolola kale. Manja ake anali atawonongeka ndi mbalamatodya, thabwa lija ankamenyera m'zikhatho. Zala zinali zosapindika, moti sakanathanso kumanga goli kapena kugwira chikwapu. Ngolo inagulitsidwa.

Ndinapita kukamuona. Ndinamupeza atakhala pampando panja, mwana wakhanda akulira m'nyumba. Posowa poyambira ndinayesa zakale zomwe zija, ndinati, “Wabwera, mbala ya ng'ombe?” Iye anadzuka pang'onopang'ono, anandisiyira mpando, n'kukhala pansi. Anati, “Takulandirani, bambo. Mwayenda bwanji?”

Msuweni akayamba kukulemekeza, dziwa kuti chibale chatha. Ufulu unabwera, mbendera inasintha, anthu anavina, koma Lusiyano sanaimbenso likhweru.

Sindikuti musawerenge mabuku amenewa, ayi. Werengani, amatsegula maso. Koma muzikumbukira kuti wolemba amakonza zonse kuti zigwirizane, pamene moyo weniweni uli ndi anthu amene amangotsokomola chifukwa cha chimfine. Ndipo mukamasimbira anzanu, mayina a m'buku asiyeni m'buku momwemo, ngakhale apweteke makutu. Lilime lilibe fupa, ndipo simudziwa amene adzamve nkhaniyo inu palibe. Munthu wa m'buku akamenyedwa, tsamba lotsatira amadzuka ali bwinobwino, koma wa kwanu sadzuka choncho. Ine ndinakalamba ndikudikira kuti Lusiyano anditukwaneko kamodzi kokha, koma anapita kumanda akunditchula kuti bambo.