Ana Aamuna a Mayi Zipi

Pakhonde la sitolo ya zitsulo, pafupi ndi pokwerera mabasi, panali makina osokera akuda opalasa ndi mapazi. Kumbuyo kwake kunkakhala mayi amene msewu wonse unkawatchula kuti Mayi Zipi. Dzinalo linabwera ndi ntchito. Madiresi a ukwati anthu ankapita nawo kwa matelala a m'mashopu a magalasi. Kwa mayiwa kunkabwera zipi yothothoka mano, thumba la buluku lobooka, kolala yofuna kutembenuza. Ankakonda kuseka kuti amuna onse a m'tauniyo amawadziwa kuyambira m'chiuno kutsika, nkhope zokha ndiye ayi.

Amuna awo anali dalaivala wa lole. Mwana woyamba anali wamkazi, ndipo anakula osavutitsa munthu. Wachiwiri anabadwa wamwamuna, wojintcha, moti mwini sitolo atamunyamula anamutcha Chitsulo. Theka la chaka linatha mwanayo osadwala ngakhale chimfine. Ankagona m'katoni ya nsalu pambali pa makina, phokoso la singano n'kumamugonetsa.

Kenako m'makutu munayamba kutuluka mafinya. Atapola makutu kunabwera chibayo, chitatha chibayo zithupsa, zithupsa zisanaume mwana anayamba kutsegula m'mimba. Kuchipatala ankamupatsa mankhwala, n'kuchira, koma matenda ena ankakhala ali pakhomo kudikira. Anawayeza magazi onse atatu, bambo, mayi ndi mwana, kufuna kachilombo kamene aliyense ankakaganizira. Sanakapeze, koma oyandikana nawo sanakhulupirire. Chitsulo anamwalira asanayambe kulankhula, khosi litauma, thupi likutentha ngati simbi.

Patapita zaka kunabadwa mwana wina wamwamuna, wochepa thupi, wamaso ozungulira. Mlongo wake anamutcha Kabatani. Nayenso anayamba bwino. M'mawa wina Mayi Zipi akumudzutsa anaona banga lachikasu pa kansalu kamene anatsamira. Anakanunkhiza, n'kukhala pansi. Fungo limenelo ankalidziwa.

Zaka zoyamba za Kabatani zinathera pakati pa khonde la sitolo ndi wodi ya ana. Anamwino ankamudziwa ndi dzina. Makasitomala anazolowera kupeza makina atavundikiridwa. Mlamu wawo wa Mayi Zipi, mchemwali wa amuna awo, ankabwera kudzazonda matenda n'kusiya mawu olasa: akuti kwawo ana aamuna amakula ngati udzu, izi akuzionera kuno.

Mwanayo atafika msinkhu woyamba sukulu, chibayo china chinamufikitsa kuchipatala chachikulu. Kumeneko dokotala wa ana, mayi wa imvi wolankhula motsitsa, anafunsa funso limene panalibe anafunsapo: kodi kwanu, kumene munabadwira, ana aamuna amakula? Mayi Zipi anayamba kuwerenga m'mutu. Alongo awo awiri anamwalira ali makanda. Malume sanawaonepo, ankangomva kuti analipo. Mayi awo sankaikamba nkhani imeneyi, ndipo iwo sanaganizepo zolumikiza maliro akalewo ndi a Chitsulo.

Magazi a mwana anatumizidwa kutali. Zotsatira zitabwera, dokotala anaitana makolo onse awiri m'kachipinda kake, nakankhira mafayilo pambali. Anafotokoza kuti m'madzi a magazi a munthu mumayandama tinthu ting'onoting'ono totchedwa maantibodi. Kachilombo kakalowa m'thupi, maselo ena oyera amakaphunzira n'kupanga maantibodi okwana kachilombo kameneko ndendende. Maantibodiwo amakakamira pa kachilomboko, kukalepheretsa kulowa m'minofu, ndiponso kukaika chizindikiro kuti maselo ena akapeze n'kukameza. Thupi limasunga chikumbukiro, choncho kachilomboko kakabweranso kamapeza zonse zili chile. Katemera amadalira zomwezo. Koma m'magazi a Kabatani maselo opanga maantibodi munalibe, ndiye panalibe wophunzira, panalibenso wokumbukira.

"Nanga bwanji amabadwa bwinobwino?" Mayi Zipi anafunsa. "Onse awiri miyezi yoyamba sankadwala."

"Ankayendera chitetezo chanu, mayi," dokotala anayankha. "Mwana akakhala m'mimba mumamugawira maantibodi anu kudzera mu mchombo. Amamusunga miyezi ingapo, kenako amatha. Ana ena pofika nthawiyo amakhala atayamba kupanga awo. Anuwa ayi."

Dokotala anawonjezera kuti vutoli limayenda m'mtundu, kudutsira mwa akazi amene iwo eni sadwala, n'kugwira ena mwa ana awo aamuna. Anabwereza kuti palibe wolakwa. Koma a dalaivala, amene nthawi yonseyo ankangotembenuza chipewa m'manja, anamva chimodzi chokha, chakuti zimachokera kwa mkazi. Sanakalipe, sanamenye munthu. Maulendo a lole anangoyamba kutalika. Chaka chisanathe, mlamu uja ndi amene anabweretsa uthenga wakuti achimwene ake ali ndi khomo lina kumalire, ndipo kumeneko kwabadwa mnyamata wathanzi.

Thandizo linalipo. Mwezi uliwonse Kabatani ankagona pabedi m'mawa wonse, diripu ili pamkono, akulandira maantibodi osefedwa kuchokera m'magazi a anthu ambirimbiri opereka mwaufulu. Mayi Zipi ankanyamula zosoka pamanja n'kukhala pambali, maso akuthawira ku kabotolo ka madzi oyera kolendewera pachitsulo. Zinkawavuta kumvetsa kuti mmenemo muli chikuku chimene wina anadwala ali mwana, chibayo chimene wina anachira, katemera amene wina analandira akulira, zonsezo zikutsikira dontho ndi dontho mwa mwana wawo. Kabatani ankawatchula operekawo kuti anthu anga. Ankati wina mwa iwo ayenera kuti ndi wadyera, chifukwa akachoka pa diripu njala inkamupweteka koopsa.

Zimenezo zinali zaka zabwino. Mnyamatayo anayamba sukulu, anasewera mpira, anaswa zenera la eni nyumba. Ankabwera kabudula atang'ambika kumatako, ndipo mayi ake ankamukalipira pakamwa pokha, mumtima akusangalala kuti akusoka chigamba cha mwana wothamanga. Mwezi ukamapita kumapeto ankayamba kufooka, maso kulowa, kenako botolo lina linkamudzutsa.

Mankhwalawo ankachokera kunja, ndipo inafika nthawi imene anayamba kusowa. Mwezi uno alipo, miyezi yotsatira palibe. Mayi Zipi ankafika pazenera la mankhwala m'mamawa, n'kubwerera ndi mawu akuti mudzayesenso sabata yamawa. Dokotala wa imvi uja anaimba mafoni ofunsa za mankhwalawo mpaka anapuma pa ntchito. Amene anabwera pambuyo pake anayesetsa ndi mankhwala opha tizilombo, koma mapapo a Kabatani anali ndi zipsera za zibayo zaubwana, ndipo mpata uliwonse wopanda diripu unkawonjezera china. M'mawa uliwonse mayi ankamugoneka chafufumimba m'mphepete mwa bedi n'kumuomba pamsana ndi manja opinda monga anawaphunzitsira, mpaka makhololo atadzaza kapu. Sukulu anasiya. Ankakhala pakhonde paja atafunda jekete dzuwa likuswa mtengo, akumasula ulusi wa mazipi akale ndi lezala.

Ulendo womaliza kuchipatala anali atayamba kumera tindevu, moti anamugoneka wodi ya akuluakulu, pakati pa madala otsokomola. Masana ena, akupuma movutikira, anayang'ana chitsulo cha diripu pamene panalendewera madzi wamba.

"Amayi, kodi anthu anga aja atopa nane?"

"Sanatope, mwanangu. Njira ndi imene yatalika."

Anagwedeza mutu ngati wamva. Anamwalira tsiku lotsatira nthawi ya chakudya chamasana, mbale za odwala zikugobedeka m'khonde. Bambo ake anafika pamaliro mochedwa, nachoka tsiku lomwelo chifukwa lole inali ndi katundu.

Panatsala ntchito ina imene Mayi Zipi anaizengereza kwa zaka. Mwana wawo wamkazi, amene tsopano ankagwira ntchito yoluka tsitsi, anali pa chibwenzi ndi mnyamata wokonza mafiriji. Mayi Zipi anamukhazika pansi mwana wawoyo n'kumuuza kuti mwina nayenso ananyamula chimene iwo ananyamula, mwinanso ayi, ndipo kuyeza kwake kulibe pafupi. Mtsikanayo anamvetsera mpaka kumapeto. Anafunsa chifukwa chimene mayi ake anadikirira mpaka iye atakonda munthu.  Mtsikanayo anakamuuza mnyamatayo zoona zonse, ndipo mnyamatayo anati akaganize kaye. Sanabwerenso. Patapita miyezi mtsikanayo anapeza ntchito m'tauni ina, nanyamuka.

Tsiku lina galimoto ya otolera magazi inaima pabwalo la mabasi, anamanga tenti. Mayi Zipi anavundikira makina n'kukaima pamzere pamodzi ndi makondakitala. Namwino atawabaya chala anati magazi awo ndi ochepa, akadye bwino kaye, nawapatsa timapiritsi tofiira. Anamwa timapiritsito mokhulupirika. Galimotoyo itabweranso anawalandira. Ali chigonere, thumba likudzaza pang'onopang'ono, anafunsa ngati magaziwo akapangidwe mankhwala a ana osowa maantibodi. Namwino anawauza zoona: kuno sapanga zimenezo, mwina apita kwa mayi wotaya magazi pobereka kapena kwa wovulala pangozi. Mayi Zipi anati angowatengabe magaziwo.

Anapereka ulendo uliwonse mpaka pamene anawauza kuti zaka zawo zapitirira. Masiku ano amakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa garaja, ndipo maso ayamba kuchita nkhungu. Mwana wawo wamkazi anakwatiwa ndi mphunzitsi kumene anapitako. Amaimba foni Lamlungu masana. Amakamba za mvula, za msana wa mayi, za eni nyumba ovuta. Za ana sakamba, ndipo Mayi Zipi safunsa.