Anankafumbwe mu Seva

Ndili m'chipinda cha seva, kompyuta yaikulu yosunga mafayilo onse, kuchipatala kumene ndimagwira ntchito, koma pansi ponse pali mchenga. Pa sikirini yakuda ndikulemba lamulo lofufuta mafayilo akale. Ndikadina batani, mpando ukusowa. Ndikadinanso, chitseko chikusowa.

Mayi Nambewe, olemba mayina a odwala, aima kumbuyo kwanga atagwira mutu.

"Achimwene, mayina onse afufutika. Aja mumati mumasunga padera ali kuti?"

"Musadandaule mayi, alipo."

Ndikutulutsa m'kabati hadidiraivi, kachipangizo komwe ndimasungamo mayinawo padera. Kapepuka ngati chitsononkho. Ndikukagwedeza, mukutuluka anankafumbwe ndi ufa wokhawokha. Panja odwala ali pamzere, aliyense akundifunsa mwaulemu kuti dzina lake ndani.

Ndadzuka thukuta lili kamukamu, ndipo mpaka pano mtima sunakhazikike.