Kiyi wa Pansonga ya Chitenje

Ku Nachisaka, munthu akamva zitsulo zikulira m'mawa safunsa. Amadziwa kuti ndi a Agustino Mbewe akumasula njinga yawo yamoto.

Njingayo anaigula chaka chimene fodya anachita bwino, imvi zitayamba kale. Sanaigulire kabaza. Ankapita nayo kutchalitchi, kumaliro ndi kokatenga feteleza, basi. Mwezi womwewo ya mlamu wawo inabedwa masanasana pakhomo pa chigayo, mwini wake ali m'kati kumanga thumba la ufa. Kuyambira tsikulo a Agustino ankayang'ana aliyense wodutsa pamsewu mpaka atakhota.

Anatenga tcheni chokokera ngolo, n'kugula maloko atatu. Woyamba ankatseka tayala lakutsogolo, wachiwiri lakumbuyo. Wachitatu, wamkulu ngati chibakera, ankatseka tchenicho, chimene chinkadutsa pamimba pa njinga n'kuzungulira mphanda yapakati ya chigafa chawo cha fodya. Makiyi sankakhala pamodzi. Wina anali m'thumba mwawo, wina anamusomeka paudzu wa denga la nkhokwe, ndipo wa loko wamkuluyo ankasunga akazi awo, a Felista, atamumanga pansonga ya chitenje. Ankati wakuba angagwire mmodzi, koma sangagwire banja lonse.

A Felista zinawakwana kalekale. Ankaitanidwa ali kudimba, ali pamzere kumjigo, ngakhale ali pakati pa nyimbo kukwaya, kuti adzamasule mfundo. Akadandaula, amuna awo ankangowakumbutsa za mlamu uja.

Loweruka lina la mu Epulo kunali chinkhoswe ku Msakambewa. Mtsikanayo anali Luckness, mwana wa mlongo wawo a Margareta, ndipo a Agustino, monga atsibweni, ndiwo anali nkhoswe yopereka msoti ndi kulandira tambala. Tsikuli linali litasinthidwa kawiri chifukwa cha maliro, ndipo akuchimuna anali atanena poyera kuti kachitatu adzadziwa kuti mwana wawo sakufunidwa.

A Felista anatsogola Lachisanu ndi amayi anzawo kukaphika thobwa. M'mawa mwake a Agustino anasamba, anavala suti, anaika msoti m'dengu. Loko woyamba anatseguka. Wachiwiri anatseguka. Atagwira wachitatu anakumbukira kuti kiyi wake wapita ndi chitenje cha akazi awo.

Foni inalira. Anali a Margareta, kufunsa ngati anyamuka, poti alendo anali atakhala kale pamipando. A Agustino anafotokoza mwachidule. Kunamveka phokoso la mapoto, kenako mawu a akazi awo.

"Kiyi ali pano, abambo a Hana. Wafika bwino. Tikudikira inuyo."

Kumutumiza kiyiyo kunali kotheka, koma womubweretsa akanafika dzuwa lili pamutu, ndiye iwo ayambe ulendo. A kabaza onse a m'mudzimo anali atapita kumsika. Wapansi, mapiri a ku Msakambewa ndi tsiku lathunthu.

Anavula jekete n'kukabwereka sowo yodulira zitsulo kwa a Benjamini, mkulu woyandikana nawo nyumba, amene anabwera pambuyo pawo pang'onopang'ono atanyamula khasu, poti anali paulendo wa kumunda. A Agustino anacheka mpaka thukuta kudontha pa tayi. Mano a sowo anatha, tcheni chinangowala pang'ono pamene ankachekapo. Anayesa nyundo, loko sanamve kanthu. Tsiku lina akananyadira.

Anayang'ana mphanda ija, kenako anayang'ana m'mwamba. Pamikangala panali fodya wa chaka chonse, atafiira bwino. Kudula mphandayo kunali kugwetsera zonsezo pansi ponyowa.

Foni inaliranso. A Margareta anati nkhoswe ya kuchimuna yafunsa kawiri nthawi, ndipo Luckness wadzitsekera kuchipinda.

A Benjamini nthawi yonseyi ankayang'ana pansi. Kenako anagogoda tsinde la mphanda ndi mpini wa khasu.

"Achimwene, kodi mtengo uwu munaukwirira kufika pati?"

A Agustino anayankha mokwiya kuti ino si nthawi yofunsa za mitengo. A Benjamini anazungulira kuseri, anatenga mphanda ina yotsala pomanga, anaiimika pambali kuti ichirikize mtanda wa denga. Ndiye anayamba kukumba. Dothi linali lofewa ndi mvula. Khasu linalowa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, mphanda inapendekeka yokha. Kunsi kwake chiswe chinali chitadya, kutangotsala kamtima kochepa ngati mkono wa mwana. Anaikankha ndi bondo, tcheni chinatsetsereka n'kutulukira pansi.

Fodya sanagwe ngakhale tsamba limodzi.

A Agustino anaima akuyang'ana dzenjelo. Zaka zitatu akugwada m'mawa ndi madzulo, zaka zitatu akuitanitsa akazi awo kudimba, pamene munthu wa khasu akanaitenga njingayo madzi a tiyi asanawire.

"Munkadziwa zimenezi?" anafunsa.

"Chiswe ndinkachiona," anatero a Benjamini. "Koma inu munkayang'ana kumsewu."

Tchenicho chinali chidakali chotsekedwa pamimba pa njinga. Anachikulunga pampando, anamangirira dengu la msoti kumbuyo, n'kukhala pamwamba pa zitsulozo. Njira yonse, pokwera ndi potsika, chinkawapweteka ndi kulira ngati ng'ombe zothawa ndi goli. Anthu m'minda ankaweramuka kuti aone.

Atafika, akuchimuna anali ataimirira, tambala wawo atamubwezera kale m'chitete. Kulira kwa tcheni ndi kumene kunawatembenuza. A Felista anabwera osathamanga, anamasula mfundo ndi mano, anaika kiyi m'dzanja la amuna awo n'kuwapinda zala.

A Agustino anayamba kuunguza mtengo. Anaona wa mango, anauzungulira, anauponda patsinde kuti aone ngati ukugwedera. A Margareta anawagwira dzanja.

"Achimwene, mtengo umenewo anadzala ndi agogo athu. Sukupita kulikonse. Amene akupita ndi awo."

Anamanga mofulumira, loko mmodzi yekha. Analowa m'bwalo buluku lili ndi dzimbiri kumbuyo, anagwada, anapepesa m'mawu ochepa, n'kupereka msoti ndi manja awiri. Nkhoswe ya kuchimuna inawayang'ana nthawi yaitali, kenako inatulutsanso tambala uja. Nthungululu zinamveka, ndipo Luckness anatuluka atafunda chitenje, maso ali ofiira.

Mwambo wonse a Agustino anakhala pampando wakumapeto, pamene mtengo wa mango unkaonekera.

Lolemba anakwirira mphanda yatsopano mpaka m'chiuno, n'kuthirapo simenti. Atamaliza anapita nayenso kiyi wachitatu kwa a Felista, amene ankasenda chimanga pakhonde. Iwo anawaonetsa nsonga zonse za chitenje chawo, zopanda mfundo, n'kupitiriza kusenda. Lero kiyiyo amalendewera pachingwe m'khosi mwa a Agustino, ndipo akamayenda amamugwiragwira.