Mtanda wa m'buku la amayi

Chaka chimene ndinayamba uphunzitsi, anthu a m'mudzi mwathu kwa Nthache ankandibweretsera chilichonse cholembedwa kuti ndiwawerengere, kaya kalata, kaya uthenga wa pafoni. Ndinatukumuka nazo. Mawu oti "sindikudziwa" anachokeratu pakamwa panga.

Tsiku lina amayi anabwera kuchokera kuchipatala, poti mutu unkawapweteka pafupipafupi. Adokotala anali atawafotokozera zambiri, koma iwo sanatolepo kanthu, ndipo kufunsa kawiri ankati ndi mwano. Ananditambasulira buku lawo lakuchipatala.

"Tandiwerengera, mwanawe. Alembapo chiyani apa?"

Zolembazo zinali ngati papalasa nkhuku. Chimene ndinaona bwino chinali chilembo R chachikulu, mwendo wake utadulidwa ndi kamzere n'kupanga mtanda. Tsono ine mtanda ndinkaudziwa, si ndinkathetha nawo makope a ana tsiku ndi tsiku?

"Apa athetha, amayi. Mankhwala ali m'munsiwa ndi osafunika. Muzingopumako basi."

Ndinanena osaphethira n'komwe. Amayi anakulunga bukulo m'kapulasitiki, mawa lake n'kulawirira kumunda.

Patatha milungu itatu anagwa akupalira chimanga. Tinawathamangitsira kuchipatala pa galimoto ya matola, dzanja lamanzere lili lende. Amayi atatsitsimuka, adokotala omwe aja, mayi wa imvi zake, anatsegula bukulo.

"Mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndinakulemberani apawa munakagula? Paja kuno anali atatha."

"Ndimayesa munathetha," anatero amayi, mawu akutuluka movutikira.

Adokotala anaika chala pa chilembo chija. Sanakalipe, ndipo mwina akanakalipa zikanandipepukira.

"Uku si kuthetha, mayi. R ameneyu akuimira mawu a Chilatini otanthauza kuti tenga. Madokotala akale ankayamba ndi mawu amenewo polembera munthu wosakaniza mankhwala, ndipo kamzereka kamangosonyeza kuti mawuwo awafupikitsa. Zolembedwa m'munsi mwake ndiye zoti mumwe. Anakuuzani ndani kuti tathetha?"

Ndinali chiimire kumiyendo kwa bedi, nditanyamula chitenje chawo. Ndinkadziwa kuti yankho ndi langa, koma ndinangoyamba kupindapinda chitenjecho. Amayi sanandiyang'ane n'komwe.

"Ndinadziganizira ndekha, adokotala. Mwana wangayu ndi mphunzitsi. Ndikanamuonetsa, akanandiuza zoona."

Adokotala anatembenukira kwa ine. "Mwamva, aphunzitsi? Muziwawerengera amayi anu."

Ndinagwedeza mutu movomera. Manyazi a bodza loyamba lija ndi aakulu, koma amene amandidya kwambiri ndi a kugwedeza mutu kumeneko, poti ndinalola munthu wodwala kusenza mlandu wanga.

Amayi alipo, mankhwala amamwa m'mawa uliwonse, koma dzanja lija siligwiranso khasu. Nkhaniyi sanaitchulepo ngakhale kamodzi. Ndipo akachokera kuchipatala kokapimidwa mwezi ndi mwezi, amafikirabe kwa ine, buku lili m'dzanja lamanja.

"Tandiwerengera, mwanawe."